Tipangireni mapu a nthaka yathu chivomezi chisanabwerenso

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanuyi ndikambeko nkhani imene ife a kuno ku Dedza ndi Ntcheu timangoilambalala, nkhani ya chivomezi. Tikamva za ngozi zogwa mwadzidzidzi maganizo amangothamangira ku madzi osefukira ndi namondwe basi, chonsecho pansi pathu pompano padutsa mng'alu waukulu umene akatswiri a miyala amautcha Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, kuchokera cha ku Bilila kudutsa Kasinje, Golomoti, Mua mpaka ku Mtakataka. Amene anauyeza amati utati wasuntha wonse nthawi imodzi ukhoza kubweretsa chivomezi choposa 7 pa sikelo yoyezera mphamvu ya zivomezi. Ndipo akuluakulu athu akukumbukira za pa 10 March 1989, chivomezi cha ku Salima chija chinapha anthu 9, ena pafupifupi 50,000 nkusowa pogona, Dedza inali nawo m'gulu la maboma amene nyumba zinawonongeka.

Nde chimene chandilembetsa kwenikweni ndi ichi, chivomezi chimodzi chomwecho sichigwedeza malo onse mofanana ayi. Nyumba ziwiri, pulani imodzi, mmisiri mmodzi, njerwa za uvuni umodzi, ina itamangidwa kumtunda pamene thanthwe lili pafupi ina kumunsi ku chigwa cha Bwanje, zikhoza kuona zosiyana kutalitali. Ku chigwaku dothi lake ndi lija mitsinje ngati Livulezi ndi Bwanje yakhala ikukokolola kumapiri nkumaunjika zaka zambirimbiri, mchenga, matope, makande, ndipo malo ena madzi ali pafupi kwambiri. Mafunde a chivomezi akachoka mu thanthwe nkulowa mu dothi lofewa chonchi liwiro lawo limachepa koma kugwedeza kumakula, komanso kumatenga nthawi kuti kuleke. Zili ngati mbale ya nsima ndi mbale ya phala patebulo limodzi, mukagunda tebulo nsima ingokhala phee pamene phala liyamba kukhavukira uku ndi uku.

Ku Mexico City mu 1985 gwero la chivomezi linali kutali makilomita oposa 300, koma nyumba zambiri zimene zinagwa zinali mbali ya mzinda imene inamangidwa pamene kale panali nyanja. Tisapitenso kutali, ku Karonga mu December 2009 malo ena nthaka inang'ambika, mchenga ndi madzi nkumatumphuka kuchokera pansi, chifukwa mchenga wokhuta madzi ukagwedezeka kwambiri umasiya kunyamula chimene chili pamwamba pake, faundeshoni imangotitimira.

Zoterezi zimayezeka a Mkonzi, si zolosera. Pali timakina timene amatikhazika pansi kwa kanthawi nkumamvera kunjenjemera kwa nthaka kumene ife sitikumva, ndipo amayezanso mmene mafunde amathamangira mu mamita 30 oyambirira kuti adziwe ngati pamalopo ndi polimba kapena pofewa, kenako zonse amaziika pa mapu, pofewa nkuikapo pofiira, polimba pobiriwira. Koma chimene chimandiwawa ine nchakuti gawo lina la ntchitoyi linachitika kale osadziwa. Mijigo imene yakumbidwa m'midzi yathu ndi yambirimbiri, ndipo okumba aja amalemba kuti dothi lasintha pa mamita angati, thanthwe alipeza pati, madzi awapeza pati. Bwanji mapepala amenewo osawasonkhanitsa, a nthambi yoona za miyala ya Geological Survey ku Zomba, a DoDMA oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ophunzira za uinjiniya ku MUBAS ndi makhonsolo athu awiriwa nkukhala pamodzi? Poyambira ndi pomwepo, sizofunika kudikira kuti mpaka papezeke ndalama zoyezera dziko lonse.

Taonani mmene Golomoti, Mtakataka, Sharpevale ndi Kasinje akukulira, anthu akugula maploti, mashopu akumera m'mbali mwa msewu, mabuloko a sukulu, matchalitchi akuluakulu okhala ndi zipupa zazitali, ambiri mwa iwo njerwa zake zomangira matope. Wogula ploti amafunsa mtengo, amafunsa ngati madzi amadikha nthawi ya dzinja, koma za kuti pansipo pali chiyani safunsa, sinanga palibe amene angamuyankhe. Sindikunena kuti anthu asamuke ku chigwa, ayi ndithu, mpunga wathu umachokera komweko ndipo ndi kwathu. Ndikungoti munthu adziwe.

Mapuwo akapangidwa asakathere mu kabati ku Lilongwe. Akhale m'Chichewa, apachikidwe kwa DC, kwa mafumu ndi m'makomiti a chitukuko, ndipo amisiri omanga aphunzitsidwe kuwawerenga, kuti pamene pali pofiira auze mwini nyumba kuti apa faundeshoni ikule, simenti isachepe, ring beam izungulire nyumba yonse ndipo makona amangidwe molumana. Sukulu kapena chipatala chatsopano chisavomerezedwe mpaka nthaka ya pamalopo itayezedwa kaye.

Wowerenga wanu,
Golomoti, Dedza