Tiwathokoze a Kochi akadali moyo

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za aphunzitsi athu a mpira, amene tonse ku Kapata timangowatchula kuti a Kochi. Apuma ntchito chaka chino atakhala ndi timu ya sekondale ina kuno ku Chipata kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, koma palibe wawathokoza poyera. Zikundiwawa.

Malipiro awo anali a m'kalasi. Mpira ankaphunzitsa ulere tikaweruka. Ankabwera panjinga, mipira iwiri ili m'thumba la feteleza pakaliyala, wenzulo ili m'khosi. Mizere ya bwalo tinkalemba ndi phulusa. Mpira ukang'ambika ankausoka okha ndi ulusi wa nsapato. Komatu sankanyengerera: wolephera mayeso sankavala jezi, ngakhale akhale mwini zigoli zonse. Ena ankati nkhanza, koma anyamata aja anamaliza Giredi 12.

Mu Epulo 1993, ndege ya timu ya dziko lathu la Zambia itagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville ku Gabon, anatisonkhanitsa pabwalo natchula mayina a osewera onse 18 amene anafa pangoziyo, mmodzimmodzi, misozi ili mbwembwembwe. Timu ya atsikana anaiyambitsa makolo akukana, katswiri wa mpira wa amayi Barbra Banda asanamveke n'komwe.

Pempho langa kwa akuluakulu a zamasewera m'chigawo cha Kum'mawa: pa masewera a sukulu akubwerawa ku David Kaunda Stadium, aitaneni a Kochi akhale kutsogolo. Ife amene tinadutsa m'manja mwawo tisonkha ya mayendedwe.

Wophunzira wawo wakale,
Kapata, Chipata