Anzanga a ku Joni, botolo mukuthirira bwanalo tiyeni tiliphunzire

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanuli ndilankhuleko za wayini, inde wayini, musaseke ayi. Ndikudziwa kuti mukamalemba za ife a ku Joni kuno nthawi zambiri zimakhala za anthu otsekeredwa ku Lindela, mabasi obweza anthu kumudzi, kapena chopereka cha maliro kuti thupi likafike kwawo, ndipo zonsezo n'zoona sindikutsutsa. Koma ziliponso zina zing'onozing'ono zomwe tikuchita kuno zoti mwina zingathandize wina.

Mukalowa m'malesitilanti a ku Sandton, Rosebank, Fourways kaya Melrose Arch mupeza a Malawi ambirimbiri, ena uweita, ena ku bala, ena akutsuka mbale kukhitchini. Tsiku ndi tsiku timanyamula mabotolo, kutsegula, kuthira, kumwetulira, koma mutifunse kuti botolo ili lasiyana bwanji ndi ilo, ambirife timangoti "lofiira bwana" kapena "loyera bwana" basi nkhani yathera pompo. Chonsecho kuno ndalama yeniyeni ya weita ndi tipu, ndipo chizolowezi chake ndi 10 peresenti ya bilu yonse, nde tebulo lomwe langomwa madzi ndi tebulo lomwe walithandiza kusankha botolo loti asangalale nalo mpaka kuitanitsa lachiwiri, usiku ukamawerenga za m'thumba kusiyana kwake umakuona wekha. Kasitomala akafunsa kuti nyama iyi ndimwere chani iwe n'kuthamangira kukaitana manijala, dziwa kuti tebulo limenelo mawa akalipatsa wina.

Anzathu a ku Zimbabwe anazitulukira kale zimenezi, ndipo ine zimandipatsa kansanje ndithu. Joseph Dhafana anabwera kuno wothawa mavuto ngati ife tomwe, anayamba ndi ntchito ya m'gadeni ku Riebeek-Kasteel, kenako kutsuka mbale, kenako uweita, mapeto ake anadzakhala mkulu woona za wayini pa La Colombe, imodzi mwa malesitilanti otchuka kwambiri ku Cape Town. Mu 2017 iyeyo ndi anzake atatu, Tinashe Nyamudoka, Pardon Taguzu ndi Marlvin Gwese, anapita ku France kukaimira dziko lawo pa mpikisano wa dziko lonse wolawa wayini osaona botolo. Sanapambane ayi, koma tangoganizani, anyamata oti kwawo anakulira sadza ngati ife ndi nsima. Lero Nyamudoka ali ndi wayini wakewake wotchedwa Kumusha, Dhafana ali ndi Mosi. Palinso mayi Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal, anagwirapo ntchito ya m'nyumba, anapeza mwayi wa sukulu ku yunivesite ya Stellenbosch asanalaweko wayini n'kamodzi komwe, maphunziro ake m'Chiafrikaans, koma mu 2004 anakhala mkazi wakuda woyamba kukhala katswiri wopanga wayini m'dziko lino la South Africa, ndipo kampani yake Aslina anaitcha dzina la agogo ake. Nanga ife a Malawi tili pati? Anthu amatitama kuti ndife okhulupirika, aulemu, olimbikira ntchito, chabwino, koma ulemu wokhawokha sukweza malipiro.

Nde ife tinayamba kagulu. Si kalabu yapamwamba ayi, palibe yunifolomu, palibe wapampando. Timakumana Lolemba chifukwa ndi tsiku lomwe ambirife timakhala pa ofu, pena ku Cosmo City pena ku Randburg kuseri kwa nyumba komwe mnzathu amachita lendi, aliyense amaponya kangachepe ngati chipereganyu, tigule mabotolo angapo ku Tops kapena ku Makro pakakhala sipesho. Amene wagula amakulunga botolo lililonse m'nyuzi n'kumanga ndi labala kuti lebulo isaoneke, n'kulemba nambala. Magalasi ndi osiyanasiyana, ena anathyoka mwendo, koma otsuka bwino opanda fungo la sopo. Timathira pang'ono chabe, zala ziwiri. Uyang'ane mtundu pa pepala loyera, upukuse galasi, ununkhize, ulawe, uyendetse m'kamwa, kenako ulavulire m'kabigiri kali pakatipo. Apa mpamene alendo amadabwa. Achemwali ena ogwira ntchito ya m'nyumba ku Bryanston tsiku loyamba anachita kuimirira, akuti "achimwene, ndalama zanga ndasonkha kuti muzilavula?" Tinaseka mpaka misozi, koma ukameza onse pofika botolo lachinayi lilime lafa, onse akukoma chimodzimodzi, ndipo palibe chomwe waphunzira. Pano achemwali omwewo ndi amene amatiposa tonse kuzindikira wayini woyera wotchedwa Sauvignon Blanc, amangonunkhiza kamodzi n'kunena.

Chimene chimandisangalatsa ndi mkangano wa fungo. Kuseri kwa botolo amalemba zipatso zoti ife sitinazionepo zili mumtengo, nde poyamba anthu amachita manyazi, kumangovomera mutu. Tinagwirizana kuti aliyense azinena chomwe mphuno yake ikumva, osati chomwe mzungu analemba. Basi zinatseguka. Wina akuti muno muli gwafa, wina akuti ayi ndi masuku akupsa, wina akuti bwemba, wina pa wayini wofiira wokhalitsa mumgolo akuti akumva fodya wa mu shedi ku Kasungu, ndipo tikatsegula nyuzi ija timapeza kuti amene anati gwafa amanena wayini woyera wotchedwa Chenin Blanc nthawi zonse, kutanthauza kuti mphuno yake ikugwira ntchito bwinobwino, kungoti ili ndi mayina akeake. Kuuma kwa m'kamwa kumene wayini wofiira amabweretsa, ngati waluma nthochi yosapsa, kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa, chifukwa wofiira amamusiya kuti asase ali ndi makoko omwe pamene woyera amafinya madzi okha. Ukangomvetsa chimenechi theka la menyu walimva.

Ndipo tinayesa ndi zakudya zathu, osati tchizi ayi. Usipa umabwera ndi mabasi, ku Yeoville umapezeka, nde tinakazinga ndi tomato ndi anyezi, nsima pambali. Ndikuuzeni a Mkonzi, usipa ndi wayini wofiira wa Cabernet Sauvignon musayerekeze, m'kamwa mumamveka chitsulo ndipo fungo la nsomba limachita kuwirikiza. Koma usipa womwewo ndi Chenin Blanc wozizira, eee, kuwawasa kwake kumatsuka mafuta aja umangofuna mbamu ina. Nyama ya mbuzi yootcha imafuna wofiira wa Pinotage kapena Shiraz. Ukathira Nali wambiri, wayini waukali amawonjezera moto, bola uja wotsekemera pang'ono wa pinki, Four Cousins kapena 4th Street amene anthu odziwa amamunyoza. Ine sindinyoza, ambirife tinayambira pomwepo, vuto ndi kukhala pomwepo zaka khumi osasuntha. Nkhwani wotendera mpaka lero sitinagwirizane, ena akuti Chardonnay, ine ndimati nkhwani usiyeni ndi madzi.

Amene akufuna poyambira osawononga ndalama, ine ndimati yambani ndi Chenin Blanc, ndi mphesa yomwe imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse m'dziko lino nchifukwa chake ngakhale wotchipa amakhala wabwino. Kenako Pinotage, poti ndi wa konkuno, anamupanga ndi pulofesa Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo alendo ochokera kunja akakhala patebulo amafunsa ameneyo, ukawafotokozera kambiri kameneka amakuona mwina. A munda wa Kanonkop ndi amene amatchuka naye, botolo lawo lalikulu ndi lodula koma ali ndi lina lotchedwa Kadette loti gulu likasonkha limakwanitsa. Wathovu uja osamutchula Champagne pamaso pa kasitomala wodziwa, Champagne ndi wa ku France basi, wa kuno wopangidwa mwanjira yomweyo ndi Cap Classique, ndipo oyamba kumupanga anali a Simonsig mu 1971. Pa lebulo chaka chomwe mukuonacho ndi chaka chomwe anathyola mphesa, kuno amakolola kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo. Mukaona W.O. Stellenbosch kapena W.O. Swartland ndiye kuti mphesa zonse zinachokera dera limenelo, lamulo lake linayamba mu 1973, ndipo akalemba dzina la mphesa ndiye kuti 85 peresenti kapena kuposa ndi mphesa imeneyo. Zonsezi zimalembedwa poyera, kungoti sitiwerenga. Amene ali ndi mapepala abwino ndi kandalama, Cape Wine Academy imaphunzitsa konkuno ku Johannesburg, satifiketi yake mabwana amaidziwa.

Tsopano ndikudziwa ena kumudziko akuwerenga akugwedeza mutu, akuti awa anapita ku Joni kukasaka ndalama koma ayamba uchidakwa wa tayi. Mayi anga omwe ndi a Mvano sindingawauze pafoni kuti Lolemba ndinali kolawa wayini, angandiyambire pemphero pompo. Ndipo sindikuwanena, mowa watimalizira anthu, masacheti aja asanaletsedwe tinaona ana asukulu akugwa m'ngalande, kuno nako alipo abale athu amene malipiro onse amathera ku shabini mpaka lendi kulephera. Koma kagulu kathu munthu amatuluka akuyenda bwinobwino, amene wameza kwambiri sayendetsa galimoto, timamuitanira Bolt kapena agone pompo, malire a mowa m'magazi a woyendetsa galimoto kuno ndi 0.05 ndipo apolisi a metro akakugwira uli mlendo nkhani yake imakula. Tilinso ndi mnzathu wopemphera kwambiri amene salawa n'komwe, amangonunkhiza ndi kulemba m'kope, ndipo kuntchito kwake amagulitsa mabotolo kuposa ife omwafe. Amene ali woyembekezera sitimuthirira, ngakhale atati kadontho.

Pamenepa ndiimepo kaye chifukwa mbiri ya wayini wa kuno si yokoma ngati wayiniyo. Woyamba anafinyidwa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659 nthawi ya mtsamunda wa ku Holland Jan van Riebeeck, kenako bwanamkubwa Simon van der Stel anatsegula munda wa Constantia mu 1685, Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo anafika mu 1688 n'kukhazikika ku Franschhoek, izi ndi zomwe amakuuzani mukapita kokaona minda. Zomwe sanena mokweza n'zoti olima minda imeneyo anali akapolo, ena ochokera ku Madagascar, ena ku Mozambique kwa aneba athu, mpaka ukapolo unathetsedwa mu 1834. Utatha, eni minda anapitiriza kulipira antchito mbali ina ya malipiro ndi wayini, amati dop, munthu kumwetsedwa m'mawa, masana ndi madzulo kuti asachoke pafamu. Lamulo linaletsa cha m'ma 1960 koma mchitidwewo unapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo mpaka lero madera amenewo ali m'gulu la malo omwe ana ambiri padziko lonse amabadwa ovulala ubongo chifukwa mayi ankamwa ali ndi pakati. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala, ankalandira R69 patsiku, boma linakweza kufika R105 chaka chotsatira. Ife ana a anthu amene agogo awo anabwera kuno pa Wenela ndi Theba nkhani zotere sitingazimve ngati za eni. Nchifukwa chake pagulu pathu tikakhala ndi ndalama yokwanira timayesetsa kuti botolo limodzi likhale la wopanga wakuda kapena lokhala ndi chizindikiro cha Fairtrade, chosonyeza kuti antchito a pamundapo amasamalidwa mwachilungamo. Sizisintha dziko, komabe ndalama ndi yathu timasankha kopita.

Kwa abale akumudzi amene mumatilamula kuti pobwera Disembala tidzakutengereni "wayini wa ku Joni", tamverani. Botolo limayenda masiku awiri pabasi, Beitbridge pamzere padzuwa, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete kuja, likafika kale latopa. Inu n'kulitenga kuliika pa kabati pabalaza pafupi ndi windo kuti alendo azilionera, zaka zisanu, eti likukhwima. Silikukhwima, likuwonongeka. Wayini ambiri otchipa anapangidwa kuti amwedwe m'zaka ziwiri zitatu, asungidwe pamthunzi pozizira, ndipo mukatsegula mumalize m'masiku ochepa, mutseke muike mufiliji ngati ESCOM yalola. Wofiirayo nayenso muziziritseko pang'ono, kutentha kwa mu Okutobala ku Nsanje si kumene eni ake ankatanthauza ponena kuti amwedwe osazizira. Ndipo chonde Fanta ayi.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mwina kamodzi pamwezi muzipereka kakona koti anthu ogwira ntchito m'mahotela, kaya ku Mangochi, ku Salima, ku Lilongwe kapena kuno, azigawana nzeru za ntchito yawo m'Chichewa, chifukwa mnyamata amene akuphunzira ku Malawi Institute of Tourism lero mawa adzaima patebulo la mlendo yemweyu amene ife tikumuthirira kuno. Komanso ndamva kukoma kwa wayini wa Linga wa ku Lilongwe uja wopangidwa ndi zipatso zathu, makamaka wa jambula, koma kuno sitimupeza. Ngati alipo akukwera basi yobwera ku Park Station mwezi uno atitengereko botolo limodzi, alikulunge m'zovala pakati pa chikwama, ndalama tidzabweza. Tikufuna tidzalikulunge m'nyuzi pakati pa mabotolo a ku Cape, tiitane a ku Zimbabwe awiri omwe timagwira nawo ntchito, tione ngati adzalitchule.

Ine wanu wowerenga,
Weita wa ku Randburg, Johannesburg