Kalata ya Mbusa: Ana Athu Ofuna Unamwino Akhala Pakhomo Mpaka Liti?

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, m'milaga yonse ya mpingo wathu,

Mtendere ukhale nanu.

Mwezi wathawu ndinapita kukazonda mmodzi wa amayi athu a Chigwirizano amene anagonekedwa pa chipatala china chaching'ono. Ndinafika dzuwa litapendeka ndipo namwino ndinamupeza yekhayekha. Anachezera usiku wonse, m'mawa anayeza amayi kusikelo, ndipo nthawi imeneyo n'kuti mayi wina wa ku chidikiro matenda atayamba. Ambiri mumabwera kudzandidandaulira kuti anamwino ndi amwano. Sindikukana, alipo otero. Koma munthu amene sanagone masiku awiri mawu ake safewa, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo.

Chimene chinandiwawa pobwerera n'chakuti mumpingo mwathu muno muli achinyamata atatu amene anakhoza bwino masayansi pa MSCE, anaitanidwa ku sukulu za unamwino, koma makalata awo akungofuwa m'sutikesi chifukwa cha fizi. Wachinayi anamaliza zaka zake zitatu, chiphaso cha Nurses and Midwives Council ali nacho m'manja, koma akugulitsa kaunjika pamsika podikira kuti boma lilembe anthu ntchito. Chipatala chikusowa namwino, namwino akusowa chipatala.

Ife a mpingo nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Sukulu za ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona zinamangidwa ndi mipingo, ndipo lero zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo ya Chikhristu m'Malawi. Zipatala za CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi, ndipo malipiro a ogwira ntchito ake ambiri amachokera ku boma. Mpingo ndi boma tinasenzerana mtolo umenewu kalekale.

Ndipo tinaona kale ndi maso athu zimene zimachitika boma likalowetsapo ndalama. Achikulire mukukumbukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi ili pachimake, anamwino athu akukwera ndege kupita ku Britain. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi Global Fund (thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo), linayambitsa pulogalamu yapadera yochulukitsa ogwira ntchito zachipatala. Malipiro anakwezedwa ndi 52 peresenti, sukulu zinakulitsidwa, ophunzira ankalipiriridwa fizi. Pofika 2009 chiwerengero cha ogwira ntchito m'zipatala chinali chitakwera ndi kuposa theka. Ana a alimi a fodya ndi a ogulitsa tomato anavala yunifomu yoyera nthawi imeneyo. Pulogalamuyo itatha, boma n'kuleka kulipirira ophunzira a m'sukulu za CHAM, makalasi anangoti mbee, mpaka boma linabwereranso pa ganizo lakelo. Nzeru za anawo sizinasinthe ayi, chinasintha ndi thumba.

Madokotala nawonso tinayamba kuwaphunzitsa tokha mu 1991 pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences). Zimenezi sizinamere zokha ngati bowa.

Mu 2001 atsogoleri a mu Africa, kuphatikizapo athu, analonjeza ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Zaka zambiri bajeti yathu siifika pamenepo. Takhala tikudalira abwenzi akunja, ndipo mu 2025 dziko la America litadula thandizo lake tinaona kuti khasu lobwereka mwini amalitenga mvula ili mkati. Tsono ine monga mbusa wanu ndikunena mosabisa: kuphunzitsa namwino ndi kumulemba ntchito ndi udindo wa boma, ndipo ndalama zake ndi misonkho imene timadula tikagula sopo ndi mayunitsi. Kunena zimenezi si ndale za chipani. Aliyense amene ali m'boma, mayi wapakati amabereka nthawi yake ikakwana.

Ena munandifunsa kuti bwanji mpingo osangowalipirira anawa. Mbale yathu mukuidziwa, atumiki amaiwerenga pamaso panu sabata iliyonse. Ingathe kunyamula mwana mmodzi, mwina kwa chaka chimodzi, tikamanga lamba. Tichita zimenezo ndi mtima wonse, koma tisadzinyenge kuti tatseka dzenje.

Akulu a mpingo atakumana agwirizana izi. Sabata yoyamba ya mwezi wamawa tidzakhala ndi chopereka chapadera cha fizi ya mmodzi mwa achinyamata atatu aja. Amene mulibe ndalama bweretsani chimanga kapena mtedza, atumiki adzagulitsa. Talembanso kalata yopita kwa phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo, yopempha kuti pokambirana bajeti akafunse za ndalama zolipirira ophunzira zachipatala ndi za kulemba ntchito amene anamaliza kale. Kalatayo idzakhala pakhomo pa tchalitchi masabata awiri kuti ofuna asayine. Osadziwa kulemba, inki ya chala ilipo. Makolo amene ana anu ali ndi makalata owaitana ku sukulu zimenezi, kaonaneni ndi alembi a mpingo Lachitatu m'mawa, mutatenga makalatawo.

Pa mapemphero a m'milaga sabata ino, mutchule namwino wa pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Amayi a Chigwirizano aja atuluka m'chipatala, ali kunyumba, ndipo akupereka moni.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu