X-ray ikanena kuti palibe vuto, chiuno sichisiya kuwawa

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo za ife amene timathamanga, kusewera mpira, kupita ku jimu kapena kupalasa njinga mitunda italiitali koma tikuyenda ndi ululu wa m'chiuno umene palibe anautchula dzina. Si ululu wokugwetsa pansi ayi, nde vuto lake ndi lomwelo, umayenda bwinobwino, anthu akakuona akuti ameneyu ali fiti, koma ukangothamanga pang'ono kapena ukakhalitsa pampando nkudzuka, m'mphechepeche mumachita kubaya, pena kumakhala ngati chinachake chakodwa mkati, pena kulira kuti khwa. Upita kuchipatala, akujambula X-ray, akuti mafupa ali bhobho, imwani mapilitsi mukapume. Upuma, ululu uzilala, ubwerera ku masewero, ululu nawo ubwera. Miyezi imatha choncho, ena zaka, mpaka abale amayamba kunena kuti mwina ndi maganizo chabe.

Nditsutse pomwepa. X-ray imaonetsa mafupa basi. Polumikizira ntchafu ndi chiuno pali mutu wa fupa wobulungira umene umalowa m'kabowo, ngati chibakera m'chikhatho, ndipo m'mphepete mwa kabowoko muli kamkombero kofewa kamene madokotala amati labrum. Kameneka kakang'ambika X-ray siiona kanthu, minofu ndi minyewa yozungulira pamenepo siionanso, zimafuna makina ena ojambulira m'thupi otchedwa MRI. Nde munthu akauzidwa kuti chithunzi chili bwino, chomwe wauzidwa nchakuti fupa silinathyoke moonekera komanso nyamakazi siinadye mfundoyo, osati kuti akunama.

Komanso tisawada kwambiri madokotala, nkhani imeneyi ndi yatsopano olo kwa iwowo. Vuto lakuti fupa la ntchafu limagundana ndi mkombero wa kabowo munthu akapinda mwendo, lija amalitchula mwachidule kuti FAI, linafotokozedwa bwino mu 2003 ndi dokotala wa mafupa Reinhold Ganz ndi anzake ku Bern, Switzerland. 2003 ndi dzulodzuloli. Za ululu wa m'mphechepeche mwa osewera, akatswiri ankangotchula mayina osiyanasiyana aliyense lake, mpaka anachita kukumana ku Doha, Qatar, nkutulutsa mgwirizano mu 2015 wakuti tiyeni tiziugawa potengera komwe ukuchokera, kaya ndi minofu ya mkati mwa ntchafu, kaya mnofu wokweza mwendo, kaya pafupa la pachinena, kaya mu mfundo mwenimwenimo. Ngati akatswiri anachita kufuna msonkhano kuti amvane, dokotala amene ali ndi mzere wa odwala panja angaudziwe bwanji pa mphindi zochepa?

Apa nde pamene ndimaona kuti ife odwala tili ndi mbali yathu. Tikalowa timangoti chiuno chikuwawa, basi. Lozani ndi chala. Ululu wa mu mfundo nthawi zambiri umamveka kutsogolo, m'mphechepeche, ndipo anthu ambiri pofotokoza amagwira chiuno cham'mbali, chala chachikulu kumbuyo zinazo kutsogolo, kusonyeza kuti uli mkati mwakuya, umakula ukakhala pampando wotsika, ukamavala sokosi, ukanjuta. Wa m'mbali, pafupa lotuluka lija, umene umakukaniza kugonera mbali imeneyo usiku ndipo umavuta pokwera masitepe, kawirikawiri ndi minyewa ya minofu ya m'matako, umakonda kugwira amayi a zaka za m'ma 40 mpaka 60 komanso othamanga. Wa kumbuyo m'thako wotsikira kumwendo, makamaka ngati pali dzanzi, kambiri umachokera kumsana. Ndipo chodabwitsa, mfundo ya m'chiuno imatha kutumiza ululu kubondo, munthu nkumamanga bondo chaka chonse pomwe bondolo ndi losalakwa. Lembani penapake: wayamba liti, mumatani ukamabwera, umatha pakapita nthawi yaitali bwanji, m'mawa mumadzuka muli owuma kapena ayi. Zimenezi zimamuthandiza dokotala kuposa kubuula.

Koma musaganize kuti MRI ndi mpulumutsi. Anthu ambirimbiri amene sakumva kuwawa kulikonse, akawajambula amapezeka kuti labrum ndi yong'ambika, osewera mpira ambiri fupa lawo lili ndi kabampu komweko ka FAI koma akusewera bwinobwino. Nchifukwa chake mgwirizano wa akatswiri wa ku Warwick, England, wa 2016 unati munthu asamatchulidwe kuti ali ndi vutoli chifukwa cha chithunzi chokha, pakhale zitatu pamodzi: zomwe akumva, zomwe dokotala wapeza pomupinda mwendo, ndi chithunzicho. Pena amabaya jakisoni wa dzanzi mu mfundo momwemo, ululu ukatha kwa maola angapo ndekuti gwero lili mkati, ukapanda kutha amakafufuza kwina. Ineyo ndimaona kuti munthu amene wathamangira opaleshoni chifukwa cha chithunzi ndi amene wanyalanyazidwa chifukwa cha chithunzi, onse alakwiridwa mofanana.

Nanga podikira dzina la matenda tizitani, poti moyo sukuima? Anthu amasewero tili ndi matenda athuathu awiri. Ena amaumirira, akuti ululu ndi wa ofooka, amameza ibuprofen kapena diclofenac asanalowe m'bwalo tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti mankhwala amenewa ukawamwa nthawi yaitali amakanda m'mimba ndi kuononga impso, komanso amangotseka pakamwa thupi pomwe likufuna kukuchenjeza. Enanso amasiyiratu zonse, kungokhala, minofu ya m'matako ndi m'ntchafu nkufooka, nde tsiku lobwerera ululu umabwera wochuluka kuposa kale, kuphatikizapo kukhumudwa, poti kwa munthu wozolowera thukuta kukhala pansi kumadya mtima, anzako onse ali kumasewero iwe uli pa foni kuwerenga matenda oopsa pa intaneti pakati pausiku.

Chomwe chandithandiza ine ndi kuchepetsa osati kusiya. Ngati kuthamanga kukuwawitsa, chepetsani mtunda, siyani kaye zitunda ndi liwiro, lowetsani kusambira kapena njinga ngati sizikuputa ululu, ma squat musatsike mpaka pansi. A fiziyo ambiri amapereka muyeso wosavuta: kuwawa pang'ono pochita masewero nkololedwa bola kuzilale pofika mawa lake, kukapitirira pamenepo ndekuti munaonjeza. Ndipo kulimbitsa minofu kumatenga miyezi, si sabata imodzi ayi, ambiri amasiya pa sabata yachitatu nkumati fiziyo sagwira ntchito. Kafukufuku wina wa ku Australia amene anatuluka mu 2018 anayerekeza jakisoni wochepetsa kutupa wa cortisone ndi maphunziro ophatikiza masewero olimbitsa minofu kwa anthu a ululu wa m'mbali uja, ndipo omwe ananena kuti akupezako bwino anachuluka ku gulu la masewero, pa masabata 8 komanso patatha chaka. China chomwe ambiri sadziwa, ululu wa m'mbaliwu sufuna kuukoka ndi ma stretch opingasa mwendo, kapena kukhala mopiringiza miyendo, kapena kuima motsamira mwendo umodzi, zonsezi zimafinya mnyewa pafupa. Pogona ikani pilo pakati pa mawondo.

Pali zina zomwe sizofunika kupirira ngakhale pang'ono, ndipo apa ndikupempha makochi amve. Wothamanga amene wangoonjeza mtunda, nkuyamba kumva kuwawa m'mphechepeche akaponda pansi, kudumpha ndi mwendo umodzi kukukanika, usiku kukuwawabe, ameneyo akhoza kukhala ndi mng'alu pakhosi pa fupa la ntchafu, ndipo masabata oyambirira X-ray imatha kuoneka bwinobwino. Akapitiriza fupa limatha kuthyokeratu. Zimakonda kugwira amene akudya mosakwanira poyerekeza ndi masewero awo, makamaka atsikana amene asiya kusamba mosadziwika bwino. Chimodzimodzi ululu wobwera ndi kutentha thupi, kuonda, thukuta la usiku, poti TB imalowanso m'mafupa. Amene ali ndi sickle cell, amene anamwa ma steroid nthawi yaitali kapena amamwa mowa kwambiri, mutu wa fupa uja umatha kufa chifukwa chosowa magazi. Ndipo wachinyamata amene amadzuka m'mawa msana ndi matako zili gwa kupitirira theka la ola, nkumapepukidwa akayamba kuyenda, akafunse za nyamakazi yotupitsa msana. Awa abwerere kuchipatala, ndipo asachite manyazi kupempha kuonedwa ndi dokotala wina kapena wa mafupa, si mwano.

Kwa amene amatiseka kuti tikudzikondera, kumbukirani Andy Murray, katswiri wa tenesi wa ku Scotland amene anafika pa nambala 1 padziko lonse. Anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno mu January 2018 koma ululu sunathe, mu January 2019 analira pamaso pa atolankhani ku Melbourne, kuvala sokosi ndi nsapato kokha kunkamuwawa. Mwezi womwewo anamuika chitsulo mu mfundo ku London, ndipo mu October chaka chomwecho anawina mpikisano ku Antwerp. Uyu ndi munthu amene anali ndi madokotala onse omwe angafune, komabe zinamutengera nthawi yonseyo, nde wamba amene wangojambulidwa X-ray imodzi mukumuuza bwanji kuti angolimba mtima?

Akonzi, pempho langa nlakuti patsamba la zamasewero muzitipatsako a fiziyo kapena madokotala a mafupa aziyankha mafunso a owerenga, olo kamodzi pamwezi, ayambe ndi funso lakuti munthu amene X-ray yake ili bwino koma ululu wadutsa miyezi 3 apemphe chani akabwerera kuchipatala.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda kuthamanga