Muzitilemberako za timafilimu tating'ono

A Mkonzi,

Ndine mwana wa Amalawi wobadwira konkuno ku Harare, ndimakhala ku Mufakose, nyuzi yanu ndimawerengera pa foni. Dandaulo langa ndi tsamba la zamsangulutso, sabata iliyonse oimba okhaokha basi, za mafilimu zii, makamaka timafilimu topangidwa ndi ndalama zochepa tija.

Mwezi watha pamsika wa ku Avondale ndikuvundukula katoni ya ma DVD akale ndinangoona Following, filimu yaitali yoyamba ya katswiri wopanga mafilimu Christopher Nolan, ya 1998, orijino osati zokopera zija, kachikuto kothyoka pakona. Ndinalipira osanenerera, mtima uli phaphapha. Ndi yopanda makala, yakuda ndi yoyera, mphindi pafupifupi 70 zokha, anaijambula ku London ndi ndalama pafupifupi $6,000, Loweruka lokhalokha poti osewera ake mkati mwa sabata amakhala ali kuntchito. Mnyamata wofuna kukhala mlembi amayamba kulondola anthu osawadziwa mumsewu mpaka kukumana ndi mbava dzina lake Cobb, yomwe ikathyola nyumba chidwi chake chimakhala pa tizinthu tachinsinsi ta eni nyumba kuposa katundu wodula. Ndiye nkhaniyo siyenda motsatana ayi, umadziwa kuti apa tabwerera m'mbuyo poona tsitsi la mnyamatayo, kaya lametedwa kaya ayi, ndi mabala akumaso. Ine ndaionera kanayi.

Alamu anga anagona ili pakati, akuti filimu yanji yopanda ndewu yeniyeni. Sindiwatsutsa, si ya aliyense. Koma tilipo asanu timabwerekana zimbale Lamlungu, kulemberana m'kope kuti wakuti watenga yakuti, chifukwa pa intaneti filimu lero ilipo mawa aichotsa, komanso data kuno ndi yodula zedi. Azungu zawo amasunga, Following yomweyi a Criterion, kampani ya ku America yotulutsa mafilimu pa zimbale, anaitulutsanso bwinobwino mu 2012.

Chimandiwawa ndi zathu. Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat za a Shemu Joyah ndazisaka, ndafunsa ngakhale abale okwera mabasi a ku Blantyre kuti andigulire chimbale chenicheni, amabwera manja lende. Ana anga Chichewa akuchimva chapatalipatali, ndikufuna aone nyanja yakwawo ndi anthu akwawo pa TV yam'nyumba mwathu.

Chonde tumani mtolankhani akafunse opanga mafilimu kumudziko kuti zimbale zawo zimagulitsidwa kuti, mutilembere. Ndalama tituma, asanufe takonzeka.

Wanu,
Wowerenga wa ku Mufakose, Harare