Za mng'ono wako ndi makalata ofunsira malo kwa maloya

Blantyre

Mnzanga wokondedwa,

Mauthenga ako onse ndawalandira, pamodzi ndi ma link aja a kafunsidwe ka ntchito m'maofesi a maloya amene wakhala ukumutumizira mng'ono wako. Nkhaniyi ndi yotalika, pa WhatsApp sitingaimalize, ndiye ndakhala pansi kuti ndikulembere bwinobwino. Kuno tilipo. Kwatentha koopsa, mvula sinaonetse nkhope, ndipo mayi akuti ubwere naye mwana uja asanaiwaliretu kuti agogo ake ndi ndani.

Zimene ukumuuza mtsikanayu ndi zoona, koma ndi zoona za ku Manchester. Kumeneko makampani akuluakulu a maloya amatsegula malo pa intaneti chaka ndi chaka, tsiku lotsekera limadziwika, munthu amalemba mayeso a pa kompyuta, akachita bwino amakachita vacation scheme, kugwira ntchito mu ofesimo pa holide kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako amapatsidwa training contract, mgwirizano wophunzira ntchito ya uloya kwa zaka ziwiri, nthawi zambiri kudakali zaka ziwiri kuti ayambe. Kuyambira 2021 kunabweranso mayeso aja a SQE, amene munthu amalemba kuti akhale loya kumeneko. Koma iye ali ku Zomba, akumaliza digiri ku Chanco, ndipo akamadikira kuti ofesi ya mu Victoria Avenue itsegule khomo la pa intaneti lotero, adzadikira mpaka imvi.

Maofesi ambiri a maloya kuno ndi aang'ono. Eni ake awiri kapena atatu, maloya achinyamata angapo, sekilitale, kalaliki wa kukhoti ndi mesenjala, basi. Satenga anthu potsata kalendala. Amatenga pamene mafayilo achuluka, kapena wina wachoka kupita kubanki. Nthawi zina amalengeza mu Nation kapena Daily Times, koma malo ambiri amadzaza nyuzipepala isanamve n'komwe. Usathamangire kunena kuti ndi katangale. Inde, mwana wa mnzawo wa abwana amadutsa mosavuta, zimenezo sindingakubisire. Koma kawirikawiri chimachitika n'chakuti abwana amaimbira mphunzitsi wa ku Chanco n'kufunsa kuti, "M'kalasi mwanumo ndani amalemba bwino?" Kapena amakumbukira wophunzira amene anabwera pa holide n'kusanja mafayilo popanda kudandaula. Choncho holide ikubwerayi asakakhale kumudzi. Afunse malo a attachment, ngakhale a mwezi umodzi, kuti anthu amuone akugwira ntchito.

Chaka chino abwana anandipatsa ine katoni ya makalata ofunsira malo kuti ndisankhemo oti aitanidwe. Mnzanga, ukanaona. Kalata ina inali ndi dzina la ofesi yathu pa envelopu, koma m'kati ikutamanda ofesi ya anzathu a tsidya la msewu. Ambiri analemba ndime yoyamba yofanana ndendende, yonena kuti amakonda chilungamo kuyambira ali mwana. Ena zikuonekeratu kuti anawalembera ndi ChatGPT: Chingerezi chosalala, chopanda polakwika, koma ukamaliza kuwerenga sukudziwa ngati wolembayo anapondako kukhoti. CV ya masamba asanu, mpaka udindo wa monitala ku Standard 7.

Imodzi yokha ndi imene ndinaiwerenga kawiri. Tsamba limodzi. Mtsikanayo anati akudziwa kuti timagwira milandu yambiri ya anthu ochotsedwa ntchito, ndipo anawerenga pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga zigamulo za makhoti a kuno, chigamulo china cha ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito. Anafotokoza mwachidule kuti akugwirizana ndi khoti kuti munthuyo anachotsedwa asanapatsidwe mpata wodziteteza, monga gawo 57 la Employment Act ya 2000 limafunira, koma sakukhutira ndi mmene chipukuta misozi chinawerengedwera pa gawo 63, ndipo anapereka chifukwa chake. Ine chifukwa chakecho sindinagwirizane nacho. Abwana nawonso anapukusa mutu, koma akumwetulira, n'kunena kuti, "Muitaneni ameneyu, tidzakangane naye pamaso." Lero ali nafe.

Ndiye umuuze mng'ono wako chimenechi: loya amagulitsa kulemba ndi kuganiza, ndipo kalata yofunsira malo ndiyo katundu woyamba amene akuonetsa. Asankhe maofesi ochepa, afufuze kuti iliyonse imadya chiyani. Ena amadalira mabanki, ngongole ndi makampani, ndipo kumeneko adziwe Companies Act ya 2013 ndi ntchito ya Commercial Division, nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda. Ena ndi a milandu ya ngozi za pamsewu ndi makampani a inshuwalansi, imene ndi yochuluka kuposa mmene ophunzira amaganizira. Ena ndi a malo, ndipo malamulo a malo a 2016, amene anasinthidwanso mu 2022, akadali ndi zambiri zoti anthu akangane. Mayina a maloya amalembedwa pa zigamulo, choncho akakhala madzulo amodzi pa MalawiLII adziwa kuti ofesi yakuti imapezeka kukhoti liti. Akatero alembe kalata yopita kwa munthu weniweni, dzina lake lolembedwa molondola, osati "Dear Sir/Madam". Aikemo mapepala a magiredi ake, CV ya masamba awiri, ndi mayina a anthu awiri amene angamuchitire umboni, atawapempha kaye. Ngati anachita nawo moot court, milandu yongoyeserera ya ophunzira, kapena anathandizako ku legal clinic ya pasukulupo, kumene ophunzira amathandiza anthu pa zamalamulo, anene chimene iye mwini anagwira, osangoti "ndinatenga nawo mbali".

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha asachite. Pafupifupi aliyense amatchula mlandu wa chisankho uja, wa pa 3 February 2020, pamene majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, Khoti la Apilo n'kudzavomereza mu May chaka chomwecho. Tonse timanyadira chigamulo chimenecho, ine ndinamvera pa wailesi tsiku lonse osadya. Koma abwana amva nkhani ya Tippex kuchokera kwa wophunzira aliyense amene wakhala pa mpando uja, ndipo ofesi yathu siilipira lendi ndi milandu ya chisankho. Asankhe kamlandu kakang'ono kamene ena sanakaone.

Kalatayo akaiperekenso pamanja ngati angathe. Email atumize, koma email imakwiririka. Akwere basi ya Zomba m'mawa, avale bwino, apereke moni kwa sekilitale mwaulemu ngati kwa mayi ake aang'ono, chifukwa ndi amene amasankha envelopu yoti ikhale pamwamba. Pakapita milungu iwiri aimbe kamodzi. Kamodzi, osati tsiku ndi tsiku.

Pa intavyu samufunsa zozama kwambiri ayi. Akufuna aone ngati akudziwa mmene mlandu umayendera lero. Kuyambira 2017 High Court ili ndi malamulo akeake oyendetsera milandu ya civil, amene analowa m'malo mwa buku loyera lija la ku England limene makolo athu m'ntchitoyi anakulira. Adziwe kuti mlandu umayamba bwanji, sworn statement, umboni wolembedwa polumbira, imalembedwa motani, ndiponso kuti milandu yambiri imayamba yapita ku mediation, kukambirana pamaso pa mkhalapakati, isanafike pozengedwa. Akafunsidwa chimene sakuchidziwa anene kuti, "Sindikudziwa, koma ndikayang'ana pakuti." Wongopeka amagwidwa funso lachiwiri lisanathe.

Abwana athu ali ndi funso lawo limene amalikonda, ndipo limagwetsa ana ambiri a magiredi apamwamba. Amati, "Tayerekeza kuti ine ndine mayi wa ku Chiradzulu, bambo amwalira osasiya wilo, abale awo akufuna kunditulutsa m'nyumba. Ndiuze m'Chichewa kuti lamulo likuti chiyani." Mwana amene amatha kulakatula Deceased Estates Act ya 2011 pamtima amayamba kutuluka thukuta, chifukwa sanayambe waganizapo kuti letters of administration, mapepala a khoti opatsa munthu mphamvu yoyang'anira chuma cha womwalira, angawafotokoze bwanji kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Khoti limayankhula Chingerezi, pali womasulira, koma mu ofesi mulibe womasulira. Mayi uja amabwera ndi mapepala ake m'jumbo, amayamba nkhani kuchokera pa tsiku la ukwati, ndipo ntchito yako ndi kumvetsera mpaka upeze pamene pali mlandu. Mng'ono wako Chichewa amachitha, Chiyao cha kwa agogo chija amachimvanso. Achilembe pa CV, asachite nacho manyazi. Ku Limbe kuno chimenecho ndi chuma.

Akapeza malo asayembekezere wigi ndi gauni sabata yoyamba. Ntchito yoyamba ndi kufotokopa, kumanga mabandulo a zikalata, kuika manambala pa masamba, ndi kutsagana ndi kalaliki ku Chichiri kukapereka mapepala ku registry, ofesi ya High Court yolandira zikalata. Kalaliki wathu sanapite ku yunivesite, koma amadziwa windo loyenera, ndalama yolipira pa chikalata chilichonse, ndi nthawi imene ukachedwa wataya tsiku. Ine zambiri za khoti ndinaphunzira kwa bambo amenewo tili mu minibasi ya ku Ginnery Corner, fayilo pamiyendo. Safunsa anadya phula, ndipo ana amene amabwera ndi mapewa okwera chifukwa cha digiri amalidya ndithu.

Za ndalama tinene mosabisa. Ya wophunzira ndi yochepa, maofesi ena amangopereka ya thiransipoti, ena osapereka kanthu. Afunse tsiku la intavyu lomwelo, mwaulemu, kuti alandira zingati, kwa nthawi yayitali bwanji, ndiponso amuyang'anira ndani, ndipo zilembedwe. Kugwira miyezi ingapo pa ndalama yochepa uku ukuphunzira, ndingavomere. Kugwira chaka chathunthu ulere, ukungofotokopa, pomwe akukulonjeza kuti "tiona", kumeneko ndi kudyeredwa masuku pamutu.

Ichi ndikunena ngati mkulu wake. Intavyu imachitikira mu ofesi, nthawi ya ntchito. Munthu akamuuza kuti akumane ku loji madzulo kuti "akambirane za tsogolo lake", asapite, asunge uthengawo, ndipo andiimbire. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zotere, ndipo Malawi Law Society ndi Women Lawyers Association zilipo. Ndaona atsikana akusiya ntchito imene anaivutikira zaka zambiri chifukwa chosowa womuuza.

Asaikenso mtima wonse pa maofesi a m'tauni. Ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yoimira anthu osowa ndalama za loya, loya watsopano amaima pamaso pa majisitireti msanga, ndi milandu ya belo ndi ya mabanja yochuluka moti m'chaka chimodzi amakhala atakhwima. Kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndi kwa Director of Public Prosecutions, mkulu wozenga milandu ya boma, nakonso amaphunzitsa munthu ntchito. Amene mtima wake uli pa akaidi, kuli mabungwe ngati CHREAA kuno ku Blantyre. Ambiri mwa eni maofesi amene akuwaopawo anayambira m'boma.

Unafunsanso za msuweni wako amene akuphunzira malamulo ku Pretoria. Iyeyo akabwerera adzayenera kudutsa ku Malawi Institute of Legal Education ndi kupambana mayeso ake. Aliyense, kaya wa ku Zomba kaya wa kunja, amapereka pempho kwa Chief Justice kuti aloledwe kuimira anthu kukhoti, ndipo laisensi ya ntchito timaikonzanso chaka chilichonse. Akonzekere nthawi ndi ndalama ya zimenezo, asadzabwere akuganiza kuti Lolemba lotsatira ali pa ntchito.

Muuze mng'ono wako anditumizire kalata yake yoyamba Lachisanu lisanafike, ndiidule ndi cholembera chofiira, asadzakwiye. Akabwera kudzapereka makalata adzagone kwathu ku Chilomoni, chipinda cha alendo chilipo, bola asadane ndi tambala wa aneba. Ku ofesi yathu sindimulonjeza kanthu, ndipo envelopu yake ikafika ndidzaipereka kwa wina kuti aiwerenge. Iwe mbali yako umugulire suti yakuda imodzi ndi nsapato zoti angayende nazo kuchokera ku Wenela kufika mu Victoria Avenue, osati zazitali zija umakonda iwe.

Upereke moni kwa alamu ndi kwa mwana. Unditumizire zithunzi zatsopano, mayi atopa kuonetsa anthu chakale chija.

Ndine mnzako wa kalekale.