Mabwana, timvetseni amayi amene tikusiya kusamba

Akonzi,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Salima, ndili ndi zaka 49, ndipo ndafika pa msinkhu wosiya kusamba. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa. Ndili pa bolodi m'kalasi ya malata, thupi limangoyaka mwadzidzidzi kuyambira pachifuwa mpaka kumaso, thukuta kamukamu, choko kunyowa m'manja, ana akundiyang'ana. Usiku ndimadzuka katatu kusintha chitenje chonyowa, m'mawa mutu uli wolemera.

Tsiku lina ndinapempha ahedi kuti nditulukeko pang'ono. Anandifunsa ngati ndili ndi malungo. Ndinangovomera, manyazi atandigwira, ndipo bodza limenelo limandiwawabe.

Anamwino anandifotokozera kuti mahomoni a estrogen (timadzi ta m'thupi toyendetsa msambo) akuchepa, ndipo amayi ambiri zimawapeza pakati pa zaka 45 ndi 55. Lamulo lathu la ntchito limapereka masabata 8 a tchuthi cha uchembere, koma za ife silinenapo kanthu.

Sindikupempha tchuthi ayi. Ndikupempha ndowa ya madzi akumwa pafupi, chimbudzi chotsekeka bwino, ndi mphindi zochepa pansi pa mtengo wa mango popanda kufunsidwa mafunso pamaso pa aphunzitsi aamuna.

Mayi mphunzitsi,
Salima